Nandolo ku Phalombe: Ubwino Wake, Kalimidwe ndi Msika

Nandolo ndi mbeu ya m'gulu la nyemba imene imalimidwa kwambiri m'chigawo cha kumwera kwa dziko lino, makamaka m'maboma a Phalombe, Mulanje, Thyolo, Chiradzulu, Zomba ndi Machinga. Akatswiri a zomera amamutcha Cajanus cajan, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku India. Kuno ku Phalombe, boma limene lidapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998, minda yopanda nandolo ndi yowerengeka. Chimanga chikachoka m'munda, iye ndiye amatsala wobiriwira kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa ndi ku Nkhulambe. Kwa nandolo banja limapezako ndiwo, nkhuni, chonde ndi ndalama. Zitatu zoyambazo zili m'manja mwa mlimi, koma mtengo wa pamsika umachokera kutali. Tsono nkoyenera kuti aliyense wolima mbeuyi adziwe mbali zonse ziwiri.

Ubwino wa nandolo

Poyamba, nandolo ndi chakudya chomanga thupi. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nandolo wouma ndi mapuloteni, motero amathandiza kwambiri ana, amayi oyembekezera ndi odwala pa banja limene nyama ndi nsomba sizioneka kawirikawiri. Amadyedwa wamuwisi ngati ndiwo, amaphikidwa ndi makoko omwe kukhala makata, ndiponso wouma amasanduka chipere.

Chachiwiri, amabwezera chonde m'nthaka. Ku mizu yake kuli timatuza tating'ono momwe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni mu mpweya. Nayitirojeni ndi chakudya chomwe chija timagula m'thumba la feteleza wa Urea. Masamba amene nandolo amayoyola akawolerana, chimanga cha chaka chotsatira chimapindula. Pa chifukwa ichi masambawo sayenera kutenthedwa posa m'munda, akwiriridwe m'mizere.

Chachitatu, muzu wake umapita pansi kwambiri. Umaboola dothi louma gwa limene limapangika pansi pa mizere ya khasu, numwa madzi kumene mizu ya chimanga siifika. Nchifukwa chake nandolo amapirira ng'amba kuposa chimanga, khalidwe lofunika pa zaka za chilala monga cha El Niño cha 2024. Mitengo yake ikauma ndi nkhuni zabwino, ndipo mtolo uliwonse wochokera m'munda umapulumutsa mtengo wa m'phiri la Michesi kapena la Mulanje, kumene mitengo imagwira nthaka nthawi ya mvula yamphamvu.

Mitundu yake

Alimi ambiri a dera lino amadziwa mtundu wa makolo wotchedwa Mthawajuni. Dzinali likutanthauza kuti amacha msanga, kuzizira kwa mwezi wa Juni kusanafike pachimake. Palinso mitundu imene a zofufuza a Unduna wa Zamalimidwe adatulutsa mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT. Sauma adatuluka m'chaka cha 1987, pa nthawi imene matenda ofota adaononga nandolo wambiri m'dziko muno. Kachangu adatuluka m'chaka cha 2000, ndipo njere zake ndi zazikulu, zoyererapo, zimene ogula a kunja amazikonda. Mitundu iwiriyi imakhalitsa m'munda, miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo. Pambuyo pake padabwera Mwaiwathu Alimi, Chitedze Pigeonpea 1 ndi Chitedze Pigeonpea 2, amene amacha msanga poyerekeza ndi iwiri ija. Posankha mtundu, mlimi aganizire nthaka yake, vuto la ziweto m'mudzi mwake, ndiponso ngati cholinga chake ndi kudya kapena kugulitsa.

Kabzalidwe

Nandolo abzalidwe ndi mvula yoyamba, pamodzi ndi chimanga. Mukamaphatikiza, ikani njere ziwiri kapena zitatu pa phando, pakati pa mapando a chimanga, motalikirana masentimita 90 mu mzere. Nandolo amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, choncho salimbana ndi chimanga. Amayamba kutambasuka chimangacho chitakhwima. Koma chifukwa cha kuchedwa komweku, udzu umamugonjetsa msanga, ndiye kupalira kusachedwe.

Amagwirizananso ndi mtedza. Njira yobzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi idavomerezedwa ndi boma m'chaka cha 2016. Chaka chotsatira m'mundamo mumabzalidwa chimanga, chimene chimapeza nthaka itadya kuchokera ku mbeu zonse ziwiri.

Chenjezo lalikulu ndi la madzi. Nandolo amapirira dzuwa, koma sapirira madzi odikha. M'chigwa cha Phalombe cholowera ku nyanja ya Chilwa muli dothi la makande limene limasunga madzi masiku ambiri, monga tidaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ku malo otere mizere ikhale yokwera, ndipo ngalande zotayira madzi zikonzedwe mvula isanayambe.

Matenda ndi tizilombo

Matenda ofota amakhala m'nthaka. Chomera chimafota ngakhale chinyontho chilipo, kawirikawiri pa nthawi ya maluwa, ndipo mukang'amba tsinde mumaona mizere yakuda mkati. Mankhwala opopera sachiza matendawa. Njira yake ndi kubzala mitundu yopirira monga Sauma ndi Kachangu, kuzula ndi kutentha zomera zodwala, ndiponso kupumitsa mundawo zaka zingapo pobzalamo mbeu zina.

Nthawi yoopsa pa tizilombo ndi ya maluwa ndi zitheba zanthete. Kumabwera mbozi zoboola zitheba, tizilombo toyamwa madzi a njere, ndi tina todya maluwa. Yenderani munda kawiri pa sabata m'mamawa. Ngati pakufunika mankhwala, funsani alangizi a zaulimi a dera lanu, monga a ku Naminjiwa, Waruma, Tamani kapena Nkhulambe, ndipo tsatani muyeso wolembedwa pa botolo. Musathyole nandolo wa ndiwo masiku oletsedwa mutapopera asanakwane.

Pali adani ena awiri amene sathetsedwa ndi munthu mmodzi: mbuzi zotayiriridwa chimanga chikakololedwa, ndi moto wa osaka mbewa. Izi zimafuna pangano la mudzi wonse pamaso pa a mfumu, lonena mwezi umene ziweto zingamasulidwe ndi chindapusa cha wotentha tchire.

Kukolola ndi kusunga

Kololani zitheba zikauma ndi kuyamba kulira mukazigwedeza. Yanikani pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Mukamenya ndi kupeta, sankhani njere zoola, zobooka ndi timiyala. Njere youma bwino imathetheka mukailuma. Anankafumbwe amayambira kumunda, motero nandolo wosatetezedwa amafumbwa m'miyezi yochepa. Matumba a PICS, amene adapangidwa ndi akatswiri a Purdue University ku America, amathandiza popanda mankhwala. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba wamba kunja. Lililonse limangidwe palokha mwamphamvu, kuti tizilombo tife posowa mpweya. Thumba likhale pa thandala, kutali ndi makoswe, pakuti kabowo kamodzi kamaononga ntchito yonse.

Za msika

Nandolo wambiri wogulidwa m'misika yathu amapita ku Limbe ndi Blantyre, kenaka ku India, dziko limene limalima ndi kudya nandolo wochuluka kuposa lina lililonse. Amwenye amamusenda ndi kumuphwanya kukhala ndiwo yotchedwa dhal. Iwo amakolola wawo cha mu Disembala ndi Januwale, pomwe ife timakolola kuyambira Julayi mpaka Sepitembala. Nandolo wathu amafunika kwambiri kumeneko miyezi imeneyi, wawo asanache. Kotero wosunga nandolo nthawi yaitali poyembekezera mtengo wabwino adziwe kuti mtengo ungathenso kutsika zokolola za ku India zikalowa pamsika.

Mbiri ya zaka zapitazi ili ndi phunziro. Mu 2015 ndi 2016 mtengo udakwera kwambiri chifukwa ku India kudagwa chilala, ndipo alimi ambiri kuno adakuza minda. Kenaka Amwenye adakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo lidalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo kuno udagwa koopsa, mabanja ambiri nasowa ndalama za feteleza ndi za sukulu. Anzathu a ku Mozambique adatetezekako chifukwa dziko lawo lidali litasainirana kale mgwirizano ndi India mu 2016. Malawi idasainira wake mu 2021, wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu.

Mlimi sangasinthe malamulo a ku India, koma pali zimene angachite. Asagulitse nandolo akadali m'munda chifukwa cha ngongole, pakuti mtengo wa nthawi imeneyo ndi wolira. Adziwe mtengo wotsikitsitsa umene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka. Aonetsetse kuti sikelo ya wogula idayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo ayeze katundu wake asanapite naye kumsika. Koposa zonse, agulitse pamodzi ndi anzake m'kalabu kapena m'kopaletivi, chifukwa wogula amamvera anthu obwera ndi matumba 200 kusiyana ndi munthu wa ndowa imodzi.

Pomaliza, musanatengere thumba lililonse kumsika, patulani mbeu ya chaka chamawa ndi ndiwo zokwanira banja mpaka mwezi wa Febuluwale, nthawi imene chakudya chimasowa. Chotsalacho ndicho chogulitsa. Banja lotero, ngakhale mtengo utagwa monga mu 2017, limakhalabe ndi ndiwo m'nyumba, nkhuni pakhomo ndi nthaka yachonde yobzalamo chimanga.