FULUWENZA YA 1918 NDI KAMNGA KAMENE KANAIPATSA MPHAMVU

Pa 13 Seputembala 1918 ngarawa yochedwa Jaroslav inakoceza pa doko la Cape Town, ndipo patapita masiku asanu inafika inzace, Veronej. M'ngarawa ziwirizi munali amuna akuda oposa 2,000 ocokera ku France, kumene anagwira nchito yothandiza asilikari pa nkhondo yaikuru. Pobwera zinaima pa Freetown, ku Sierra Leone, kumene nthenda ya fuluwenza inali itabuka kale. Madotolo a pa doko anawasunga amunawo masiku owerengeka okha, nawakweza m'sitima za pamtunda kuti apite kwao. Pasanathe milungu isanu ndi umodzi dziko la South Africa linataya anthu ngati 300,000.

Nthendayo inatsata njanji. Ku Kimberley, m'makomboni a migodi ya daimondi, anthu anafa ocuruka kotero kuti nchito inaima. M'mwezi wa Okutobala inafika ku Bulawayo, nipitirira ku migodi ya malasha ya Wankie, ku Livingstone, ndi ku Broken Hill, kumene tsopano kuchedwa Kabwe. M'migodi ya ku Southern Rhodesia, m'mene munali anthu ambiri a kuno ndi a ku Nyasaland, anchito anathawa m'makomboni ndi kuyamba ulendo wa pansi kumka kwao. Ena anafera m'njira, ena anafika nayo nthenda m'midzi yao. Pa dziko lonse lapansi akuti anafa anthu ngati 50 miliyoni. Cimene cinaopsa koposa ndi ici, kuti nthendayo inasankha anthu a nyonga, a zaka 20 kufikira 40, msinkhu womwewo umene akapitao a migodi amaufuna polemba nchito.

Madotolo a masiku amenewo anayesa kuti mdani amdziwa. M'caka ca 1892 Richard Pfeiffer wa ku Germany anapeza kacirombo ka mtundu wa bakiteriya m'makhololo a odwala, nanena kuti ndiko kacititsa fuluwenza. Koma mu 1918 ena anakapeza m'mitembo, ena sanakapeza, ndipo katemera wopangidwa ndi iko sanacinjiriza anthu.

Njira yeniyeni inaonekera m'khola la nkhumba. M'caka comweco ca 1918 dotolo wa ziweto wa ku Iowa, ku America, dzina lace John Koen, anaona nkhumba zikutsokomola ndi kutentha thupi monga eni ace. Mu 1931 Richard Shope anatenga mamina a nkhumba zodwala, nawapyoletsa m'sefa ya mabowo ang'onong'ono amene bakiteriya sangapyolemo; madzi osefedwawo anadwalitsabe nkhumba zina. Tsono kunadziwika kuti kuli kanthu kena kocepa koposa bakiteriya, ndiko vairasi. Mu 1933 ku London, Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw anathira madzi ocapira pakhosi pa munthu wodwala m'mphuno za kanyama kochedwa ferret, konga likongwe, ndipo kanayamba kuyetsemula. Mu 1936 kanyama kena kotere kanayetsemulira dotolo Charles Stuart-Harris kumaso, iye nadwala fuluwenza. Ngongole inabwezedwa, ndipo panalibenso wokana kuti kacirombo kamodzi kangathe kuyenda pakati pa munthu ndi nyama.

Kacirombo aka nkocepa kotero kuti 10,000 titandandalikidwa pamzere tingodzaza milimita imodzi. Sikadya, sikapuma, ndipo sikangabale pa iko kokha. M'kati mwace muli malangizo olembedwa pa tizingwe 8, ndipo kunja kwace kuli timinga ta mitundu iwiri. Thupi la munthu kapena la nyama limangidwa ndi tizipinda tamoyo tochedwa maselo; nchito yonse ya vairasi ndiyo kulowa m'selo ndi kuikakamiza kuti ileke nchito yace, iyambe kupanga tizirombo tina. Koma kalowa bwanji? Ndipo cifukwa ninji kalowa mwa nyama iyi, kosalowa mwa iyo?

Yankho linayamba ndi ngozi yaing'ono. Mu 1941 George Hirst wa ku New York anali kuweta tizirombo ta fuluwenza m'mazira a nkhuku okhala ndi mwanapiye m'kati. Potsegula dzira lina mtsempha unang'ambika, mwazi nusanganikirana ndi madzi a m'dziramo, ndipo anaona maselo ofiira a mwaziwo akuundana m'timibulu. M'mazira opanda tizirombo sizinatero. Wina akadangotaya dziralo monga loonongeka. Hirst anazindikira kuti tizirombo tamamatira pa maselo ndi kuwalumikiza, monga cisoso cimamatira pa buluku la munthu wodutsa m'chire. Anaonanso cina: akasunga mwaziwo pofunda kanthawi, tizirombo tinamasuka tokha, ndipo maselo amenewo sanagwidwenso konse. Kanthu kena pa khungu la selo kanali katadulidwa.

Kanthuko anakapeza Alfred Gottschalk wa ku Melbourne, ku Australia, m'zaka za m'ma 1950. Ndi mtundu wa shuga, wochedwa sialic acid, umene ukhala pa nsonga za timaunyolo tophimba maselo monga udzu uphimba dambo. Kamnga koyamba, kochedwa haemagglutinin kapena H, kagwira shugayo. Selo nimeza kacirombo m'kathumba, ndipo m'kathumbamo kamnga kapindika, kaboola khoma, malangizo 8 aja nalowa. Pasanathe maola khumi selo iyamba kutulutsa tizirombo tatsopano mazanamazana. Koma ito potuluka tikadamamatira pa shuga yemweyo wa selo imene yatibala. Apa ndipo pagwira nchito kamnga kaciwiri, neuraminidase kapena N, kamene kadula shugayo ngati mpeni. Maina awa amene amveka pa wailesi, H1N1 kapena H5N1, angochula mtundu wa timinga tiwiriti. Mankhwala a oseltamivir, amene anayamba kugwira nchito mu 1999, atseka mpeni uja kuti tizirombo tikanike kucoka.

Pa nthawi yomweyo kunadziwika kwao kwenikweni kwa fuluwenza. Mu 1955 Werner Schäfer anaonetsa kuti mliri wina wakale wopha nkhuku ku Ulaya ndi fuluwenza ndithu. Mu 1961 mbalame za kunyanja zochedwa tern zinafa zoposa 1,000 m'mbali mwa nyanja ku South Africa, ndipo mwa izo munapezeka kacirombo ka fuluwenza, koyamba kupezeka m'mbalame ya kuthengo. Pambuyo pace kunaoneka kuti abakha a kuthengo asenza pafupifupi mitundu yonse ya H ndi N m'matumbo mwao, kawirikawiri osadwala konse, naitaya m'madzi a m'madambo.

Ngati madambo adzala tizirombo cotere, bwanji anthu sagwidwa ndi mliri caka ndi caka? Munthu wa pa mgodi adziwa kuti sipanala ya saizi ina siingamasule nati ya saizi ina, ngakhale zonse nzacitsulo cimodzi. Mu 1983 Gary Rogers ndi James Paulson anaonetsa kuti tizirombo ta mbalame ndi ta anthu tisankha mosiyana pakati pa njira ziwiri zolumikizira shuga uja ku unyolo wace, zimene akatswiri azicha 2-3 ndi 2-6. M'matumbo a bakha mucuruka 2-3. M'mphuno ndi pakhosi pa munthu mucuruka 2-6. Kamnga ka H ka mbalame kagwira bwino 2-3, ndipo pa 2-6 katerereka. M'kati mwenimweni mwa mapapu a munthu muli 2-3 pang'ono, ndico cifukwa cace fuluwenza ya mbalame ingathe kupha munthu amene wapuma tizirombo tambiri posenda nkhuku yodwala, koma ibvutika kucoka mwa iye kupita mwa mnzace. Ku Hong Kong mu 1997 anadwala anthu 18, nafa 6, ndipo boma linapha nkhuku zonse za m'misika ndi m'makola. Nthendayo siinafalikire pakati pa anthu.

Cochinga cimeneci ncopyapyala. Kamnga ka H kali ngati cingwe ca mikanda yoposa 500 copindidwapindidwa, ndipo mkanda umodzi kapena iwiri ikasinthika pa malo ogwirira, sipanala yasanduka ya saizi ina. Kacirombo kalakwitsa kawirikawiri pokopera malangizo ace, kotero kusinthika kotere sikusowa. Palinso njira yacidule: tizirombo tiwiri tosiyana tikalowa m'selo imodzi, tisinthana tizingwe tija 8. M'mmero mwa nkhumba muli 2-3 ndi 2-6 zonse ziwiri, ndipo mmenemo kacirombo ka mbalame ndi ka munthu tingathe kukomana. Mliri wa 1957 unadza pamene fuluwenza ya anthu inalandira tizingwe 3 ta mbalame. Wa 1968 unadza italandira 2.

Kacirombo ka 1918 keni-keni kanakhala kobisika zaka 80. Pa mudzi wa Brevig Mission ku Alaska, dziko la cisanu, anthu akuru 72 mwa 80 anafa m'masiku asanu mu Novembala 1918, naikidwa m'manda amodzi m'nthaka youma gwa ndi kuzizira. Mu 1951 mnyamata wa ku Sweden wophunzira ku Iowa, Johan Hultin, anapempha cilolezo kwa akuru a mudziwo, nakumba, natenga zidutswa za mapapu. Koma kacirombo kanakana kumera m'mazira. Mu 1997 anawerenga kuti Jeffery Taubenberger ndi Ann Reid awerenga mbali ya malangizo a kacirombo aka m'kacidutswa ka phapu la msilikari wakufa mu 1918 ku South Carolina, kamene kanasungidwa m'phula m'nyumba yosungira ya ankhondo. Hultin, ali nkhalamba ya zaka 72, anabwerera ku Alaska ndi ndalama zace, napemphanso cilolezo, napeza mtembo wa mai wina wonenepa amene mafuta ace anasunga mapapu osaola. Pocoka anakhoma mitanda iwiri yatsopano pamandapo.

Mu 2005 tizingwe tonse 8 tinatha kuwerengedwa, ndipo tinaoneka tofanana kwambiri ndi ta mbalame. Caka comweco Terrence Tumpey, m'cipinda cotsekedwa zolimba ku Atlanta, anakaumbanso kacirombo potsata malangizowo. Ambiri anadandaula, ndipo sanalakwe kudandaula, pakuti kudzutsa cinthu cimene cinapha anthu 50 miliyoni si masewera. Mbewa zimene anazipatsa kacirombo zinafa pasanathe masiku 6.

Koma ciyeso cimene cinamasula mfundo cinacitika mu 2007. Kamnga ka H ka 1918 kasiyana ndi ka mbalame pa mikanda iwiri ya pa malo ogwirira, wa nambala 190 ndi wa 225. Tumpey ndi anzace anabwezera mikanda iwiriyo kuti ikhale monga ya mbalame, napatsa tinyama ta ferret. Tinyama topatsidwato tinadwala kowopsa monga kale, koma tinzao ta m'makola oyandikana, topuma mpweya womwewo, sitinadwale. Mtundu wina wa 1918, wopezeka mwa msilikari wa ku New York, unali ndi mkanda umodzi wokha wosinthika, ndipo unafalikira mwa apo ndi apo. Mikanda iwiri imeneyi ndiyo inathandiza kacirombo kukhala m'mphuno ndi pakhosi, pamene cifuwa ndi kuyetsemula zikaponya kunja. Ndipo m'komboni m'mene amuna makumi angapo agona m'cipinda cimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana, kanalibe ulendo wautali woyenda.

Naye Pfeiffer sanasocere kotheratu. Mu 2008 madotolo atapendanso zidutswa za mapapu a 1918 anapeza kuti ambiri anafa ndi cibayo ca bakiteriya, amene analowa pamene vairasi anali atasenda kale khungu la m'njira ya mpweya. Penicillin wa kupha bakiteriya anafika m'zipatala m'zaka za m'ma 1940.

M'mwezi wa Malichi 2024 kacirombo ka H5N1 kanapezeka m'ng'ombe za mkaka ku Texas, nyama imene ambiri sanaiyembekezere. Kanakhala m'mawere, m'mene muli shuga wa 2-3 wocuruka, nikatuluka mu mkaka wosaphitsa. Amphaka akumwa mkakawo anafa, ndipo anchito ena okama anatupa maso. Kacirombo kotengedwa mwa odwala otere kawerengedwa malangizo ace, ndipo poyamba payang'anidwa pa mikanda ya pa malo ogwirira.