Kulipila Nyumba Zaka Zambili, Cikalata Cili kwa Wina

Mu mzinda wa Chicago ku America, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anthu akuda ambili anagula nyumba m'njila imene ife kuno tiidziwa bwino: kulipila pang'onopang'ono kwa wogulitsa, cikalata ca umwini cikali m'manja mwake.

Sanaisankhe njila imeneyi mwa kufuna kwawo. Bungwe la boma la Federal Housing Administration, lokhazikitsidwa mu 1934, linali kukana kuikila kumbuyo nkhongole za nyumba m'madela a anthu akuda, ndipo mabanki nawo anakana kuwakongoza. Amalonda anapezelapo mwayi. Anali kugula nyumba mochipa kwa azungu amene anali kusamuka, n'kuzigulitsa kwa akuda pa mtengo wokwela. A Clyde Ross a ku North Lawndale anagula nyumba mu 1961 pa madola 27,500, pamene wogulitsayo anali ataigula pa madola 12,000 miyezi 6 cabe m'mbuyomo.

Msampha unali m'pangano. Denga likadontha, wokonza anali wogula, monga mwini. Koma akaphonya mwezi umodzi, anali kucotsedwa monga munthu wa lendi, ndipo zonse zimene analipila zinali kupita. Nyumbayo inali kugulitsidwanso kwa banja lina pa pangano lomwelo.

Mu 1968 ogulawo anapanga bungwe la Contract Buyers League. Anayamba kufufuza mitengo imene ogulitsa anagulila nyumbazo, kenako anagwilizana kuleka kuwapatsa ndalama za pamwezi, n'kumazisunga pambali. Mabanja ena anatulutsilidwa katundu panja. Milandu iwili ikuluikulu imene anapeleka ku khoti anaigonja, mu 1976 ndi 1979, koma mabanja mazana anasinthilidwa mapangano ndi kupeza umwini weniweni. Kafukufuku wa yunivesite ya Duke wa mu 2019 anapeza kuti akuda a ku Chicago anataya madola pakati pa 3.2 ndi 4 biliyoni m'malonda amenewa.

Nafenso tigula mapuloti ku Chongwe kapena ku Chilanga molipila mwezi ndi mwezi, tili ndi kalata ya malonda cabe. Tisanapeleke ngwee yoyamba, tifunse: ku Unduna wa Malo kwalembedwa dzina la ndani, ndipo tikaphonya mwezi umodzi, zimene talipila kale zidzapita kuti?