MBIRI YA INTERFERON, MTHENGA WA M'THUPI

Anthu a pa migodi adziwa kuti pafunika miyala yambiri kuti patuluke mkuwa pang'ono. Nkhani ya lero ndi ya cinthu cimene cinali cobvuta kucipeza koposa mkuwa, cingakhale thupi la munthu ali yense limacipanga. Dzina lace ndi interferon.

Thupi linamangidwa ndi tizipinda tating'ono tamoyo tochedwa maselo, ndipo maselowo amatumizana mau. Amithenga ao ndiwo mapuloteni amene selo limodzi litulutsa kuti anzace amve. Interferon ndi mmodzi wa iwo: selo likalowedwa ndi kacirombo kochedwa vairasi, limamtuma kukacenjeza maselo oyandikana nalo kuti adzichinjirize.

Amene anamzindikira ndiwo Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann, ku London m'caka ca 1957. Iwo anathira vairasi wa fuluwenza, wofoketsedwa ndi kutentha, pa tizikhungu ta m'kati mwa mazira a nkhuku. Pambuyo pace anaika tizikhungu tatsopano m'madzi momwe munali toyambato, ndipo taonani, vairasi wamoyo analephera kuswana m'menemo.

Koma interferon wa nkhuku sathandiza munthu. Pafunika wa munthu yemwe. Tsono Kari Cantell wa ku Finland anayamba kumtenga m'maselo oyera a mwazi umene anthu anapereka ku Red Cross. Mwazi wambirimbiri unatulutsa kadontho cabe. Mu 1971 dotolo Hans Strander wa ku Stockholm anayamba kupatsa kadonthoko odwala khansa ya m'mafupa, ndipo mbiri inabuka m'maiko yakuti mankhwala a khansa apezeka. Mu 1978 bungwe la American Cancer Society linapatula madola 2 miliyoni ogulira interferon, koma anakwanira odwala owerengeka okha. Kotero panalibe wakutha kunena ngati mbiriyo inali yoona, pakuti mankhwala ayenera kuyesedwa pa anthu ambiri mphamvu yace isanadziwike.

Njira inatseguka mu 1973, pamene Herbert Boyer ndi Stanley Cohen a ku California anaonetsa kuti jini, ndiko kuti malangizo amene selo litsata popanga puloteni, ingadulidwe ndi kuikidwa m'tizirombo tochedwa mabakiteriya. Tiziromboti timaswana msanga, ndipo timatsata malangizowo monga ngati ndi aotao. Mu 1980 Charles Weissmann wa ku Zurich analengeza kuti mabakiteriya a E. coli anapanga interferon wa munthu. Posacedwa makampani anayamba kuweta mabakiteriyawo m'matanki akuru, monga umo afulira mowa, ndipo cosowa cija cinacuruka.

Pamenepo coonadi cinaoneka. Pa khansa ya m'mapapo ndi ya m'matumbo interferon anacita zocepa, ndipo odwala anamva malungo, kunjenjemera ndi kulefuka. Koma pa nthenda zina anathandizadi. Mu 1986 boma la America linamloleza pa mtundu wina wosaoneka-oneka wa khansa ya m'mwazi, ndipo mu 1988 pa khansa ya Kaposi mwa odwala Edzi. Khansa imeneyi ndiyo imene dotolo Anne Bayley anaiona irikusanduka yaukali pa cipatala cacikuru ca ku Lusaka mu 1983. Komabe kuno cimene cinathandiza koposa ndico mankhwala a ma ARV, amene anadza pambuyo pace. Interferon anathandizanso odwala nthenda za ciwindi za hepatitis B ndi C, ndi a khansa ina ya m'mwazi kufikira pamene mankhwala omposa, imatinib, anadza mu 2001.

Lero akatswiri amagula interferon ndi amithenga ena ambiri m'timabotolo tating'ono, opangidwa mwa njira yomweyo. Amawadonthezera pa maselo a khansa oweta m'timbale, naona amene acititsa maselowo kukula ndi amene awaletsa. Isaacs sanazione izi, pakuti anamwalira mu 1967 ali ndi zaka 45.

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Padapita zaka 29 kucokera pa mazira a ku London kufikira cilolezo coyamba ca ku America. Cotero munthu akamva m'komboni za mankhwala ociza khansa iri yonse, ayambe wafunsa kuti anayesedwa pa anthu angati, ndipo anacira ndi angati.