Mlatho wa Ribblehead pa Dambo la Batty Moss

Kumpoto kwa England, m'dera la North Yorkshire, kuli dambo lozizira lotchedwa Batty Moss. Kampani ya Midland Railway itafuna kuyala njanji yochokera ku Settle kukafika ku Carlisle, dambolo linali panjira penipeni. Injiniya John Sydney Crossley anasankha kulidumpha ndi mlatho wa miyala. Mwala woyamba unaikidwa mu 1870, womaliza mu 1874, ndipo sitima za anthu zinayamba kudutsapo mu 1876.

Mlathowu ndi wa mamita 400 m'litali, 32 kupita m'mwamba, ndipo uli ndi makomo 24 opindika ngati uta. Nsanamira zake ndi za miyala ya laimu yophwanyidwa chapafupi pomwepo, koma kunsi kwa makomowo anayalako njerwa. Chimene chimandigwira mtima ndi nzeru iyi: makomo oterewa amatsamirana, moti limodzi likagwa limagwetsanso anzake. Choncho amisiri anawagawa m'magulu anayi a makomo asanu ndi limodzi, pakati pa magulu n'kuikapo nsanamira yonenepa kuposa zina, kuti tsoka likagwa lithere pomwepo.

Omangawo ankakhala ndi mabanja awo m'misasa ya matabwa monga Batty Wife Hole, Sebastopol ndi Belgravia. Ngozi ndi nthomba zinapha anthu oposa 100, ambiri n'kuikidwa pa tchalitchi cha St Leonard ku Chapel-le-Dale. Amenewa sitiyenera kuwaiwala tikamayamikira miyalayi.

Mdani weniweni wa mlathowu sanali kulemera kwa sitima ayi, koma madzi. Mvula inkalowa kuchokera pamwamba, kukazizira madziwo n'kuundana m'ming'alu, miyala n'kumasweka. Pofika m'ma 1980, kampani ya njanji ya British Rail inati kuukonza kudzadula kwambiri, ndipo inafuna kutseka njanji yonseyo. Mu 1985 anazula imodzi mwa njanji ziwiri za pamlathopo, n'kusiya imodzi yokha pakati pa mlatho.

Anthu anakana kwamtuwagalu zoti njanjiyo itsekedwe, nalemba madandaulo zikwizikwi. Mu 1988 mlathowu unalembedwa m'kaundula wa zomanga zotetezedwa, pa gawo la Grade II*, ndipo mu April 1989 boma linakana zotseka njanjiyo. Amisiri anamata pamwamba kuti madzi asalowenso, n'kulimbitsa nsanamira zong'aluka. Mu 2020 ndi 2021 amisiri a kampani ya njanji ya Network Rail anabwera kudzakonza ngalande ndi kumatanso mipata ya miyala, sitima zikudutsabe pamwamba.