Kabungwe ka Aphungu Kolondola Ndalama za Boma

M'Nyumba ya Malamulo ya Zambia, pa Manda Hill mu Lusaka, muli kabungwe kochedwa Public Accounts Committee, kamene nchito yake ndi kufufuza ngati ndalama zimene aphungu anavomereza zinagwira nchito imene anazipatulira.

Kabungweka kamatsamira pa lipoti la Auditor General, mkulu wowerengera cuma ca boma. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amalamula kuti lipotili liperekedwe kwa Pulezidenti ndi ku Nyumba ya Malamulo isanapite miyezi 9 caka ca cuma citatha. Pamenepo alembi aakulu a maunduna amaitanidwa kudzafotokoza za malipiro opanda malisiti, katundu wolipiridwa koma wosafika, ndiponso ndalama za paulendo zosabwezedwa.

Mwa mwambo, wapampando sacokera m'cipani colamula. A Charles Milupi a ku Luena, a Emmanuel Hachipuka a ku Mbabala ndi a Vincent Mwale a ku Chipangali anakhalapo pa mpandowu.

Komabe kabungweka sikamanga munthu. Kamangopereka malangizo, ndipo unduna wa za cuma umayankha m'cikalata cochedwa Treasury Minute. Milandu ina imabweranso m'malipoti a zaka zotsatira isanathetsedwe.