Amene Anaphunzitsa Kompyuta Kudikira Munthu: Kuchokera ku California Mpaka M'chigwa cha Luangwa

Mwana wa sukulu ku Nsefu akatenga foni ya amalume ake, sipafunika womuphunzitsa. Amaona kachithunzi, n'kukagunda ndi chala, chinthu n'kutseguka. Kuphweka kumeneku anthu anachita kukukhetsera thukuta, ndipo amene anavutika kwambiri ndi olemba mapulogalamu.

Kale kompyuta inali bwana. Inkafuna kuti uilembere malamulo m'mawu ake, osaphonya ngakhale kadontho. Pa 9 Disembala 1968, Douglas Engelbart anaonetsa khamu la akatswiri ku San Francisco kachipangizo kotchedwa mouse, koloza nako zinthu pa sikirini. Mu 1973 akatswiri a Xerox ku Palo Alto anapanga Alto, kompyuta ya munthu mmodzi yokhala ndi mouse ndi sikirini yotha kujambula zithunzi. Xerox Star ya mu 1981 inabwera ndi tizithunzi ta mafayilo ndi mafoda, koma mtengo wake unaposa madola 16,000. Makompyuta amphamvu oterewa, otchedwa workstation, ankapezeka m'mayunivesite ndi m'makampani akuluakulu basi. Anthu wamba anadzaonera zimenezi pa Macintosh mu 1984.

Kusintha kwenikweni kunachitika mkati mwa pulogalamu. Yakale inkayenda njira imodzi: funso loyamba, lachiwiri, kenako yankho. Ya mazenera ndi mabatani a pa sikirini siidziwa chimene munthu achite. Imakhala tcheru ngati mayi wogulitsa tomato pamsika wa ku Mfuwe, amene sadziwa kuti wobwerayo agula, anenerera mtengo kapena angofunsa njira, koma ayenera kumuyankha moyenera. Munthu akadina batani, akasuntha zenera, akalemba chilembo, uthenga umapita kwa pulogalamu, ndipo wolemba ayenera kukhala atakonzeratu chochita pa uthenga uliwonse. Pa X Window System, imene Bob Scheifler ndi Jim Gettys anayambitsa ku MIT mu 1984, zenera lina likachoka pamwamba pa lako, pulogalamu yako inkayenera kujambulanso yokha mbali imene inaphimbika. Kungoonetsa mawu awiri pa zenera kunkadya mizere yambirimbiri.

N'chifukwa chake kunabwera zida zokhala ndi mabatani opangidwa kale, monga Motif ya mu 1989. Kampani ya NeXT inapita patsogolo: wolemba ankangokoka batani n'kuliika pamene akufuna. Pa kompyuta ya NeXT ndi pamene Tim Berners-Lee analembera pulogalamu yoyamba yotsegulira masamba a pa intaneti ku CERN mu 1990.

M'chigwa cha Luangwa makompyuta ojambula analowera ku ntchito yosamalira nyama. M'dera la Lupande, mmene muli mafumu a Akunda, a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro, munali sukulu ya Nyamaluma, kumene ankaphunzitsa alonda a nyama osankhidwa m'midzi pansi pa ndondomeko ya ADMADE. Alondawo akamayendera tchire ankalemba pa mapepala pamene apeza misampha ya waya, mitembo ya nyama kapena misasa ya opha nyama mozemba. Zolembazo zinkalowetsedwa m'kompyuta n'kutuluka ngati mapu. Wofufuza wina, Dale Lewis, analemba za ntchitoyi mu 1995. Phindu lake linali loonekeratu: manambala a m'buku ankamveka kwa ochepa, koma mapu mfumu ndi nduna zake ankatha kuwaloza ndi chala n'kutsutsa pamene palakwika.

Komabe mapulogalamu amenewo analembedwera kunja. Amene anayesa kulembera anthu athu, poyang'ana mmene amagwirira ntchito, ndi a Baobab Health ku Malawi. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero ndi Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake anatenga timakompyuta totchipa ta i-Opener, tosadya magetsi ambiri, n'kutiikira sikirini yogunda ndi chala. Mouse anaichotsa. Sikirini iliyonse inkafunsa funso limodzi, mabatani ali akuluakulu, ndipo kamakina kankasindikiza kapepala komata m'buku la kuchipatala la wodwala. Kalaliki amene sanagwirepo kompyuta ankayamba kulembetsa odwala osapita ku kosi yaitali. Ku Zambia, unduna wa zaumoyo unabweretsa SmartCare, yosunga mbiri ya wodwala pa khadi.

Ine ndimaona ntchito ya ku Lilongwe ija ngati yolemera mofanana ndi ya ku Palo Alto, chifukwa funso linali limodzimodzi: amene akhale patsogolo pa sikiriniyi ndani, ndipo manja ake atanganidwa ndi chiyani? Funsoli silinayankhidwebe mokwanira kuno. Namwino, mlonda wa nyama ndi mlimi wa thonje ku Mambwe amakumana ndi mabatani ambiri olembedwa m'Chingelezi, pomwe ntchito yawo amaigwira m'Chikunda ndi m'Chinyanja.

Zida zimene mu 1981 zinkafuna chuma cha kampani, lero zilipo zaulere ndipo zimayenda pa laputopu yogula kale. Aphunzitsi a makompyuta m'masekondale a ku Mambwe ndi ku Chipata, musalekezere ana pa kutaipa kalata. Aonetseni mmene batani limapangidwira, ndipo loyambalo alilembe m'chilankhulo cha kwawo.