Malo Asanu a Lagrange ndi Matelesikopu Amene Amakhalako

Munthu akaima pabwalo ku Mphamba, m'dera la Lundazi, pakati pa usiku, chakumapeto kwa Epulo kapena kwa Ogasiti, n'kukweza maso pamwamba penipeni pa mutu wake, ndiye kuti wayang'ana cha kumalo amene akatswiri a zakuthambo amawatcha L2, amodzi mwa malo asanu a Lagrange. Dera la Lundazi lili madigiri pafupifupi 12 kummwera kwa ikweta, ndipo m'masiku amenewa dzuwa likamafika pakati pa usiku limakhala kunsi kwa mapazi, tsidya lina la dziko. Malo a L2 nthawi zonse amakhala mbali yofulatirana ndi dzuwa, pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni, womwe ndi pafupifupi kanayi mtunda wopita kumwezi. Diso silingaoneko kanthu chifukwa kulibe nyenyezi kapena mwala. Ndi malo opezeka ndi masamu basi. Komabe n'kumene kunapita telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka pa roketi ya Ariane 5 ku Kourou, m'dziko la French Guiana, pa 25 Disembala 2021, n'kukafika patapita mwezi umodzi.

Kuti timvetse chimene telesikopuyi ikukasaka kutali konseko, pali mawu atatu oyenera kuwagwira bwino. Oyamba ndi mphamvu yokoka. Chinthu chilichonse cholemera chimakoka chinzake, ndipo kukokako kumachepa mtunda ukamakula. Achiwiri ndi njira yozungulira, imene pulaneti kapena setilaiti imatsata pozungulira chinthu chachikulu kuposa iyo. Achitatu ndi nthawi yozungulira, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Johannes Kepler anaonetsa mu 1619 kuti pulaneti ikatalikirana ndi dzuwa imatenga nthawi yaitali kuti imalize ulendo wake. Nthanda, imene m'mabuku ndi Venus, imazungulira dzuwa m'masiku 225. Dziko lathu limatenga masiku 365, Mars masiku 687. Choncho chombo chimene mwachiika kunja pang'ono kwa njira ya dziko chiyenera kutsalira m'mbuyo chaka ndi chaka, ndipo chimene mwachiika mkati chiyenera kutithawa.

Anthu ambiri pofotokoza malo a Lagrange amajambula pabolodi dzuwa uku, dziko uko, mivi iwiri yolozana kumbali, n'kunena kuti apa m'pamene mphamvu ziwirizi zimafafanizana. Chithunzicho n'chosavuta kuloweza, koma n'cholakwika, ndipo mphunzitsi wa sayansi angachite bwino kuchisiya. Malo amene kukoka kwa dzuwa ndi kwa dziko kumafanana ndendende alipodi, koma ali makilomita pafupifupi 260,000 okha kuchokera pano, kufupi kuposa mwezi, ndipo si amodzi mwa malo a Lagrange. Pa L2 mphamvu ziwirizi zingafafanizane bwanji, pamene dzuwa ndi dziko zonse zili mbali imodzi ndipo zikukokera kumodzi?

Chimene chimalingana ndi mayendedwe. Aliyense amene analimapo ndi ng'ombe amadziwa zimene zimachitika pokhota kumapeto kwa mzere. Ng'ombe yamkati imangoponda pang'onopang'ono, yakunja imatambasula miyendo chifukwa ulendo wake ndi wautali, koma goli limachititsa kuti zonse zimalize kukhota pamodzi. Pa L2 chombo ndicho ng'ombe yakunja, ndipo goli ndi kukoka kwa dziko. Kukoka kumeneku kukaonjezeka pa kwa dzuwa, chombocho chimatha kuzungulira mofulumira kuposa mmene mtunda wake ukanachilolera, n'kumaliza ulendo m'masiku 365 omwewo. Pa L1, amene ali pakati pa ife ndi dzuwa pa mtunda wofanana wa makilomita 1.5 miliyoni, dziko limakokera m'mbuyo, n'kuchepetsa mphamvu ya dzuwa, ndiye chombo chimene chikanatithawa chimayenda nafe limodzi.

Amene anayamba kupeza malo otere ndi Leonhard Euler wa ku Switzerland m'zaka za m'ma 1760. Iye anapeza atatu amene ali pa mzere umodzi ndi zinthu ziwiri zazikuluzo. Joseph-Louis Lagrange, wobadwira ku Turin, anaonjezera awiri mu 1772 pamene ankalimbana ndi funso limene akatswiri amalitcha vuto la zinthu zitatu: zinthu zitatu zikamakokana nthawi imodzi, zimayenda bwanji? Dzina linapita kwa Lagrange, ngakhale kuti malo amene matelesikopu amagwiritsa ntchito masiku ano ndi a Euler. L3 ali kuseri kwa dzuwa, ndipo palibe amene anatumizako chombo chifukwa dzuwa lingatchinge mauthenga onse. L4 ndi L5 ali pa njira ya dziko yomweyo, wina madigiri 60 kutsogolo, wina madigiri 60 kumbuyo. Awiriwa ndi amene amatchedwa okhazikika, kutanthauza kuti chinthu chikasunthako pang'ono chimangozungulirazungulira pomwepo osachoka. N'chifukwa chake amasonkhanitsa miyala. Max Wolf anapeza mwala woyamba wotere mu 1906 pa L4 wa Jupiter n'kuutcha Achilles, ndipo lero miyala imeneyi, yotchedwa Trojan, yodziwika ilipo masauzande.

L1 ndi malo a oyang'ana dzuwa. Amene anali ku Lusaka pa 21 Juni 2001 amakumbukira kadamsana amene anadetsa mzinda masana, mbalame n'kuyamba kubwerera m'zisa. Kwa mphindi zitatu ndi pang'ono anthu anaona kuwala koyera kotuluka m'mphepete mwa dzuwa, kumene akatswiri amakutcha corona. Chombo cha SOHO, chimene chinanyamuka mu Disembala 1995 kupita ku L1, chimaona zimenezi tsiku lililonse, chifukwa chili ndi kachitsulo kotchinga nkhope ya dzuwa ndipo kumene chili kulibe usiku. Mwa njira imeneyi chapezanso nyenyezi za mchira zoposa 5,000. Dziko la India linatumizako chombo chake, Aditya-L1, mu Seputembala 2023.

Koma L2 ndiye amene matelesikopu akuluakulu amakhamukirako. Telesikopu ya Hubble, imene inakwera mu 1990, ili makilomita osafika 600 kuchokera pansi ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 95. Dziko limaitchingira mbali yaikulu ya thambo, ndipo imalowa mumthunzi n'kutulukanso padzuwa maulendo 15 pa tsiku, kutentha n'kuzizira mosinthanasinthana. Webb sakanapirira zimenezo. Iye amaona kuwala kwa infrared, kumene maso sakuona koma khungu limakumva monga kutentha, ndipo kuwala kwa milalang'amba yakalekale kumafika kuno kuli kotero. Telesikopu yofunda ingadzichititse khungu ndi kutentha kwake komwe. Pa L2 dzuwa, dziko ndi mwezi zonse zili mbali imodzi, choncho chotchinga chimodzi chimakwanira. Cha Webb ndi cha nsalu zopyapyala zisanu zosanjikizana, mamita 21 m'litali ndi 14 m'lifupi. Mbali yoyang'ana dzuwa imatentha mpaka kuyandikira pamene madzi amawira, pamene mbali imene kuli galasi la mamita 6.5, la zidutswa 18 zopakidwa golide, imazizira kufika cha m'ma madigiri 233 pansi pa ziro.

Mawu ena ofunika ndi halo orbit. Chombo sichiima pa L2 penipeni. Chimazungulira malowo patalipatali, ndipo Webb amatenga miyezi pafupifupi 6 kuti amalize ulendo umodzi. Pakatikati penipenipo dziko limatchinga mbali yaikulu ya dzuwa, pamene chombo chimadalira sola kuti chipeze magetsi.

L1, L2 ndi L3 ndi malo osakhazikika. Chombo chikasunthira pang'ono chakudziko kapena chakunja, kusunthako kumangokulirakulira. Ndiye pamafunika ntchito imene akatswiri amaitcha station-keeping, kutanthauza kuyatsa timainjini pang'ono kuti chombo chibwerere m'njira yake. Kwa Webb izi zimachitika pafupifupi milungu itatu iliyonse, ndipo lamulo lochoka pansi pano limatenga masekondi asanu kuti lifike. Palinso chovuta china. Timainjini take tili mbali ya dzuwa ndipo timangokankhira kunja, chifukwa kutembenuza chombocho kungaike galasi padzuwa n'kuwononga zida. Choncho oyendetsa amachisunga dala kuti chizikhala ngati chikufuna kugwera chakuno, n'kumachikankha pang'onopang'ono, osapyoza.

Apa moyo wa telesikopu umayezedwa ndi zimene inanyamula ponyamuka. Hubble anapitako anthu kasanu kukamukonza, kuyambira 1993 mpaka 2009, koma ku L2 palibe munthu amene anafikako. Ariane 5 inaponya Webb molunjika bwino moti mafuta amene anatsala akuyembekezeka kukwanira zaka pafupifupi 20. Telesikopu ya Herschel, imene inanyamuka mu 2009 kupita ku L2, inasiya ntchito mu Epulo 2013 pamene helium yoziziritsira zida inatha. Gaia, amene anayeza malo a nyenyezi zoposa biliyoni imodzi kuyambira 2014, anazimitsidwa mu Malichi 2025, ndipo asanamuzimitse oyendetsa anamukankhira m'njira yozungulira dzuwa kuti asadzasokoneze Webb, telesikopu ya Euclid ndi ena amene adzabwere pambuyo.